Ufa Wakuda wa Rawya

Chaka chimene apongozi anga aamuna anamwalira, mlamu wanga Rawya anachita chinthu chimene mkazi wa m'mudzi mwathu anali asanachitepo: anafuna gawo lake la munda. Chipembedzo chimamulola, shehe aliyense angakuuzeni choncho, koma kuno mwana wamkazi amapatsidwa ndolo zagolide kuti akhale chete, nthaka n'kutsala m'manja mwa alongo ake. Rawya anakana ndolozo. Mwamuna wanga Zaghloul, yemwe ndi mlongo wake wamkulu, anatha mwezi wathunthu osamulankhula. Kenako anatenga chingwe, n'kukamudulira kachigawo ka makirati asanu ndi atatu, monga timayezera nthaka kuno, m'mbali mwa ngalande. Pamalire anaimikapo miyala itatu.

Rawya anali atapitirira zaka makumi atatu, wosakwatiwa, ndipo tinkakhala naye nyumba imodzi pamodzi ndi mayi awo, Haja Nafisa. Ankagwira ntchito kutsidya kwa mtsinje, pamalo a boma ofufuzira za ulimi. Anayamba ndi kutsuka mabotolo, koma patapita zaka anamukhulupirira mpaka kumusiyira timbale tagalasi tomwe amaweteramo zinthu zawozo.

Titatha kukolola tirigu, m'mawa wina anandiitanira kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa khoma.

"Alamu, bwerani ndi beseni lalikulu lija. Mutengenso uchi wakuda wa nzimbe, pang'ono pokha."

Ndinamupeza atakhala pansi ndi mbewu yake ya chimanga komanso kathumba ka pulasitiki kodzaza ndi ufa wakuda wonyowa. Anasungunula uchi m'madzi, n'kuwaza pambewu, kenako anathira ufawo nandiuza kuti ndisakanize ndi manja. Ufawo unkanunkha ngati dothi la pansi pa mtsuko.

"Ndiye makala amenewa ndiwo mankhwala a mbozi?" ndinamufunsa.

"Si mankhwala. Muli zamoyo umu, tizilombo tosaoneka ndi maso. Kuntchito timati mabakiteriya. Tinawatenga ku mizu ya chimanga china chimene mbozi sizinachiwononge kwambiri chaka chatha. Akalowa m'nthaka amamatirira ku mizu, amadya zomwe mizu imatulutsa, iwo n'kumachidzutsa chimangacho."

"Kuchidzutsa? Chimanga chimagona?"

"Chimagona ngati achimwene akakhuta nkhunda."

Tinaseka mpaka ndinadzipaka ufa pamphuno. Kenako anandifotokozera bwino. Anati chimanga chodzutsidwa, mbozi ikangochiluma, tsamba limawawa msanga ndipo mboziyo imadya monyinyirika. Chimatulutsanso kafungo koitana timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi mwa mbozi.

"Koma musakauze anthu kuti ndapeza mankhwala," anatero. "Sizipha mbozi zonse. Kuntchito pena zimatheka, pena ayi. Ndikufuna ndione pa nthaka yathu ino."

Asanatseke kathumbako anatchula dzina la Mulungu monong'ona, monga timachitira tonse tikamayamba ntchito. Theka la ufawo anamusungira Zaghloul, ndipo atabwera kudzamwa tiyi anamupatsa.

"Achimwene, mbewu yanu simunadzale. Yesani ngakhale mizere khumi."

Zaghloul ananunkhiza kathumbako n'kukaponya pabenchi.

"Ndithire litsiro m'mbewu yanga? Kadzipake m'maso, mwina ungapeze mwamuna."

Rawya anatola kathumba kake. Tsiku lomwelo anadzala, madzi n'kulowa m'munda dzuwa lisanakwere. Zaghloul anadzala mawa lake, mbewu yamtundu womwewo.

Mbozi za ntchemberezandonda zinali zitafika kwathu zaka ziwiri m'mbuyomo, kuchokera kummwera, ndipo palibe amene anali atazizolowera. Chaka chimenecho zinabwera chimanga chili m'mawondo, m'kati mwa kutentha kwa mwezi umene alimi akuno timautcha Bauna. Poyamba masamba anaoneka timawindo toyera. Patatha sabata, ukasuzumira m'nsonga momwe masamba atsopano amatulukira, unkapeza zitosi zonyowa zonga utuchi, ndipo pansi pake mbozi yonenepa itadzipinda. Zaghloul anapopera mankhwala kawiri. Zing'onozing'ono zinafa, zikuluzikulu zinangolowa m'kati.

Cha Rawya nachonso chinadyedwa, ndisaname. Koma chinadyedwa masamba akunja, nsonga zambiri n'kumakulabe. Madzulo aliwonse akaweruka ankayenda mzere ndi mzere ndi kabuku, kuwerenga mapesi olumidwa. Tsiku lina anandikodola n'kundionetsa kanthu koyera konga njere ya mpunga, katamatirira patsamba pafupi ndi mbozi yofota.

"Mwana wa kamavu ameneyu. Anakulira m'mimba mwa mboziyo, watuluka. Mukuona, alamu? Timavu tija tabwera!"

Sindinamuonepo atakondwa choncho. Madzulo omwewo anapempha mlongo wake kuti asamapopere mphepo ikamalowera kumunda kwake, chifukwa mankhwalawo amaphanso timavuto.

"Tsopano ndizipempha chilolezo kwa mavu?" anatero Zaghloul. "Mayi, mwamva mwana wanuyu?"

Pofika mwezi wotsatira, wa Abibu, munthu ukaima pamkumbira wa ngalande unkaona malire popanda kufunafuna miyala. Uku chimanga chofika m'chifuwa, chobiriwira. Uku chong'ambikang'ambika ngati nsanza, china chopanda nsonga n'komwe. Aliyense wopita kumsika ankadutsa pamenepo.

Tsiku lina masana ndinamupititsira mwamuna wanga buledi ndi tchizi wamchere. Tili pansi pa mtengo wa kanjedza, anatulukira Tharwat, mwana wa bambo ake aang'ono, atakwera bulu, anzake awiri akumutsata.

"Mtendere ukhale nanu, bambo a Karam! Kodi wakumetani chimanga ndani? Mundiuze ndisakametetseko ana anga."

"Pita ndi ulendo wako, Tharwat."

"Ndikupita. Koma bwerekani mpango kwa achemwali anu muzivala kumunda. Zikuoneka kuti mbozi za chaka chino zimaopa mpango."

Anzake aja anaseka mpaka mmodzi anatsokomola. Tharwat anatembenuza bulu, nkhope itasintha.

"Kuseka n'kuseka, koma taganizani. Mbewu imodzi, madzi amodzi, nthaka ya bambo mmodzi. Mbozi zikudziwa bwanji malire? Zimawerenga miyala? Alipo amene akuzikusira kwa inu."

Zaghloul sanamalize kudya.

Mawa lake tikuphika buledi pa uvuni, ndinamufunsa Rawya ngati zimenezo zingatheke. Akanangoti ayi, mwina zonse zikanathera pomwepo. Koma iye sankadziwa kubisa mawu.

"Gulugufe woikira mazira amasankha potera ndi fungo," anatero. "N'kutheka kuti ena amene akanatera kwanga akutera kwa achimwene. Sindingalumbire kuti ayi. N'chifukwa chake ndinawapatsa theka lija."

Haja Nafisa anali kumbuyo kwathu akusankha mphodza. Manja awo anaima m'lichero.

Lachisanu la sabata imeneyo Zaghloul anabwera kuchokera kwa wogulitsa mankhwala ndi mabotolo atatu, limodzi lopanda pepala. Anthu atapita ku mzikiti iye anapita kumunda. Ndinamuuza kuti adikire dzuwa lipendeke.

"Ndikufuna zife ndikuziona," anayankha.

Anathira onse atatu mumgolo umodzi n'kuvundula ndi mkono. Anabereka mpope kumsana, wopanda chophimba pakamwa, atavala mkanjo wake wopyapyala. Nditapita ndi madzi akumwa patatha maola awiri, ndinamupeza atagwada m'mphepete mwa ngalande. Anali atasanza, dovu likuchucha ngati la ng'ombe yodwala, minofu ya kumaso ikunjenjemera yokha. Mkanjo wonse kumsana unali wonyowa ndi mankhwala. Anandiyang'ana, ndipo timadontho takuda ta pakati pa maso ake tinali tating'ono ngati nsonga ya singano.

Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Amuna ochokera ku mzikiti anathamanga, koma anangomuzungulira, wina akuti mumwetseni mkaka, wina akuti madzi amchere. Rawya anafika wopanda nsapato, atanyamula sopo wochapira. Anavala majumbo m'manja, nagwira mkanjo wa mlongo wake pakhosi n'kuung'amba mpaka pansi.

"Iwe, ukumuvula mwamuna pagulu?" anakalipa Tharwat.

"Tunga madzi kapena choka! Alamu, musamugwire ndi manja anu. Asamwe kanthu!"

Anamusambitsa pomwepo thupi lonse, amuna akuyang'ana kumbali. Pamene ankamukweza mutukutuku, kagalimoto ka mawilo atatu, Rawya anathamangira m'chimanga n'kubwera ndi mabotolo atatu aja m'jumbo. Kuchipatala cha m'tauni dokotala anawerenga mapepala a awiriwo, nanunkhiza lachitatu chapatali, n'kuyamba kumubaya jakisoni wina pambuyo pa mnzake. Anatiuza kuti pakanapanda kumusambitsa kuja, tikanafika ndi mtembo.

Anagona kumeneko masiku asanu ndi anayi. Atatuluka tinapha tsekwe, anthu anabwera kudzathokoza Mulungu, ndipo Tharwat anadya chiwindi. Zaghloul anali wowonda koma ankayenda yekha. Anakaona munda wake kamodzi. Mankhwala aja anali atawotcha masamba, koma mbozi zinalimo ndithu. Mizere itatu ya Rawya yoyandikana ndi miyala nayonso inapsa. Yotsalayo inali itamasula ngayaye.

Patatha masabata atatu anayamba kudandaula kuti akatumba akumukoka. Kenako nsapato zinkamuvuka panjira iye osadziwa. Tsiku lina anagwa pakhomo la mzikiti, ndipo anabwera naye kunyumba atamugwira uku ndi uku, mapazi akukwekwereza pansi. Dokotala yemwe uja anati mankhwala ena amatero, munthu amaoneka wachira koma mitsempha ya m'miyendo imafa pang'onopang'ono pambuyo pake. Anati mwina mphamvu idzabwerako, mwina ayi.

Haja Nafisa anakana kumva zimenezo.

"Poizoni anatuluka. Ndinamuona mwana wanga akuyenda, akudya tsekwe. Izi ndi zina."

Anaitanitsa Tharwat ndi abale ake. Tinakhala pabwalo la m'kati mwa nyumba dzuwa litapendeka, Zaghloul atagona pabenchi nkhope italoza kukhoma. Rawya anali atangofika kuchokera kuntchito, chikwama chikadali paphewa.

"Unakwirira chiyani m'munda wa bambo ako?" anafunsa mayiwo.

"Mbewu, mayi."

"Ndinakumva ndi makutu anga ukunena kuti mbozi zako zikupita kwa mlongo wako. Unayamba ndi nthaka yake, kenako chimanga chake, tsopano miyendo yake. Ukufuna chiyaninso?"

Rawya anayesa kufotokoza za mabakiteriya, za mizu, za mitsempha. Anatulutsa kabuku kake. Tharwat anakalanda n'kukatsegula chozondotsa.

"Manambala okhaokha ndi timizere," anatero. "Ngati zolemba za asing'anga zija."

Pamenepo apongozi anatembenukira kwa ine.

"Atiyat, iwe unalipo tsiku lodzala. Unaona chiyani?"

Onse anandiyang'ana. Ine kwathu ndi kutali, mudzi wa kuphiri, ndipo mwana wanga Karam anali ku usilikali. Ndinaganiza za manja anga amene anasakaniza ufa uja. Ndinaona kuti akangoti tinali awiri, ndituluka m'nyumba imeneyi ndi chovala chokhacho chili m'thupi.

"Ine ndinangogwira beseni," ndinatero. "Unali ufa wakuda. Sindikudziwa kuti unali chiyani."

"Ananenapo mawu?"

"Ananong'ona."

"Ananong'ona chiyani?"

"Sindinamve."

Ndinamva. Mulungu akudziwa kuti ndinamva, ndipo linali dzina lake lomwe. Rawya anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati akuwerenga tsamba lolumidwa. Kenako anayang'ana kubenchi.

"Achimwene, inu mukudziwa chimene chinakunyowetsani kumsana. Nenani."

Zaghloul sanatembenuke.

"Mayi, ine ndine mwana wanu," anatero Rawya.

"Mwana wanga ndi uyo wagona apoyo."

M'mawa mwake Rawya atakwera minibasi, Tharwat ndi abale ake awiri analowa m'makirati asanu ndi atatu aja ndi zikwakwa ndi makasu. Chimanga chinali chitabereka, maso ake ali ndi mkaka. Anachidula chonse dzuwa lisanafike pamutu, kenako anayamba kukumba kufunafuna chithumwa. Apongozi anakhala pamkumbira atafunda nsalu yakuda, akuwalozera. Anakumba pamakona onse anayi, pansi pa miyala, ndi pakati. Anapeza phale la mtsuko wakale ndi fupa la galu. Mizu inkatuluka yoyera, yambiri, yogwira dothi, moti Tharwat ankachita kuponda ndi phazi kuti aizule. Mapesi ndi chimanga chomwe anakweza pangolo n'kukapatsa njati zake zoweta za mkaka.

Ndinali padenga ndikuyanika therere pamene Rawya anatsika minibasi. Anaima pamkumbira kanthawi. Kenako anatsikira m'munda ndi nsapato zake za kuntchito, nayamba kutola mizu, kuiika m'timajumbo, kalikonse n'kulembapo. Ndinapita ndi madzi akumwa. Sanalandire.

"Kunangotsala masabata atatu kuti ndikolole ndiyeze pasikelo," anatero, osandiyang'ana. "Popanda sikelo, zonse ndinalemba zija ndi nkhani chabe. Palibe amene angazikhulupirire, ngakhale kuntchito."

Sabata yomweyo anapeza chipinda kutsidya, kwa mayi wina wamasiye. Anatenga zovala zake ndi makina osokera. Palibe amene anamuperekeza.

Munda wa Zaghloul unatipatsa matumba anayi, theka lake lowola kunsonga komwe mbozi zinaboola. Chaka chotsatira Tharwat anatenga munda wonse, wa Zaghloul ndi wa Rawya yemwe, n'kudzalamo nzimbe. Amatipatsa gawo lathu akakolola, ndipo anthu amamutama kuti amasamala banja la mbale wake.

Miyendo ya mwamuna wanga inabwerako pang'ono. Amayenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pabenchi kufika pakhomo. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndikumusisita akatumba ndi mafuta, mayi ake atapita kumaliro, analankhula akuyang'ana kudenga.

"Chivindikiro cha mpope uja chinali chosweka. Ndinachiona m'mawa ndisanathire."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

"Ndinene kuti ndinadzipundula ndekha chifukwa cha pakamwa pa Tharwat? Pamaso pa Tharwat yemweyo?" Kenako anati, "Nanga iwe, amake Karam? Sunamvedi?"

Ndinapitiriza kusisita. Sitinayambirenso nkhaniyo, ndipo mayi ake sanaimve mpaka kufa kwawo.

Haja Nafisa anamwalira patatha zaka ziwiri. Rawya anabwera tsiku lachiwiri la maliro, atanenepako, tsitsi loyera likuonekera m'mphepete mwa mpango. Anakhala ndi amayi, analira mayi ake mokweza kuposa tonse, ndipo amayi amene anakhala naye pafupi anasunthira kumbali pang'onopang'ono. Masana analowa kwa mlongo wake. Anamupsompsona pamutu, iye n'kumugwira dzanja osafuna kulisiya, koma zomwe analankhulana zinali za kutentha ndi za Karam basi. Kenako Rawya anagwada, namuvula masokosi n'kuyang'ana mapazi ake onse awiri.

Anakana kugona. Ndinamulanda chikwama kuti ndimuperekeze kumsewu, ndipo sanalimbane nane. Tinadutsa pamkumbira, nzimbe za Tharwat zitatalika kuposa munthu mbali zonse. Ndinali nditakonza mawu kwa zaka ziwiri, koma titafika pamsewu ndinangoti, "Alamu, tsiku lija ine..."

"Chala chachikulu cha phazi lakumanzere la achimwene chili ndi bala pansi," anandidula. "Iwo sakulimva. Muzitsuka ndi madzi owiritsa amchere m'mawa ndi madzulo, muziumitsa bwino pakati pa zala. Likayamba kuda kapena kununkha, musadikire, mupite nawo tsiku lomwelo."

"Ndamva."

"Nsapato za pulasitiki zija muzitaye. Muwagulire zansalu, zokulirapo."

Minibasi inaima. Kondakitala anakuwa kuti malo alipo amodzi, kumbuyo. Rawya anatenga chikwama m'manja mwanga, nawerama n'kulowa, ndipo anthu anapinda mawondo kuti adutse. Ndinabwerera kunyumba, ndinayatsa moto n'kuteleka madzi.